Insulin ndi mafuta a m'magazi: zoyenera kuchita akakupezani ndi shuga kuno ku Joni

Ndine telala, ndimasokera ku Fordsburg, kwathu ndi ku Balaka, ndipo ndili ndi zaka 46. Mu July chaka chatha ndinaonda mpaka thalauza lodzisokera ndekha linayamba kundivuka ndikuyenda. Ludzu linali losatha. Botolo la Coke la malita awiri ndinkalimaliza ndekha ndili pa makina, usiku n'kumadzuka kasanu kukataya madzi m'chisanu chija. Anzanga anayamba kundiyang'ana cham'mbali, mukudziwa zimene anthu amaganiza munthu akaonda chonchi. Tsiku limene ndinayamba kusanza ndi kupuma mwabefu, mayi a Tadala anangoti, "Bambo a Tadala, lero lokha simukana," n'kuitana galimoto. Kuchipatala anapeza shuga ali 28, HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi yapitayo, ili 13, ndipo anandigoneka masiku asanu, insulin ikulowera m'diripi.

Chimene chinandisowetsa tulo kwambiri chinali pepala lachiwiri, la mafuta. Adokotala anandiuza kuti a ku labu atalekanitsa magazi anga, madzi ake amene amayenera kuoneka achikasu pang'ono anali oyera ngati mkaka. Ma triglyceride, amene ndi mtundu umodzi wa mafuta a m'magazi, anali 14.2, cholesterol yonse 9.8, HDL (cholesterol yabwino) 0.6, ndipo pa mzere wa LDL (cholesterol yoipa) panalibe nambala. Ndinkangoona ngati mtima uima mawa lomwe. Kuchokera nthawi imeneyo abale awiri, wina wa ku Mayfair wina wa ku Cosmo City, andionetsa mapepala ofanana ndi langali ali ndi mantha omwewo. Ndawauza zimene ndikukuuzani pano: pepala loyamba la mafuta limatengedwa thupi lili pa chipwirikiti, insulin idzagwetsa mafuta ambiri amene mukuwaonawo, koma pali gawo lina limene sidzalimaliza yokha.

Kuti mumvetse, ganizani za nkhokwe. Thupi limasunga mafuta ngati mmene timasungira chimanga, ndipo insulin, imene imapangidwa m'kapamba, ndiyo imatseka nkhokweyo. Ikasowa, thupi limaona ngati kwagwa njala ngakhale shuga wadzaza m'magazi, ndiye limagumula nkhokwe. Kuonda kuja kumachokera pamenepa. Mafuta ogumukawo amathamangira ku chiwindi. Ena chimawasandutsa ma ketone, amene anandisanzitsa aja, ena chimawalongedza m'timatumba totchedwa VLDL n'kuwatumiza m'magazi. Tsono m'mphepete mwa mitsempha muli ka enzyme kotchedwa lipoprotein lipase, kamene kamatsitsa katunduyu kuti alowe m'malo osungira, ndipo kamadzutsidwa ndi insulin. Insulin kulibe, otsitsa katundu agona, koma malole akungobwerabe. Amene munadutsapo pa Beitbridge mu December nkhaniyi munaiona ndi maso: mzere wosaoneka kothera chifukwa pa geti patsala anthu ochepa. Pa chiwindi palinso timbedza tokola LDL n'kuichotsa m'magazi, ndipo insulin imathandiza kuti tichuluke. HDL, imene imatola cholesterol yotsala n'kubwerera nayo ku chiwindi, imatsika ma triglyceride akachuluka.

Ndiye mukayamba kubaya, zinthu sizibwerera tsiku limodzi. Ma triglyceride ndi amene amagwa msanga, m'masiku kapena masabata ochepa. Cholesterol yonse imatsika nawo, chifukwa timatumba ta VLDL tija timanyamulanso cholesterol. HDL imakwera mwapang'onopang'ono. Yamakani ndi LDL, ija imamatirira m'mitsempha n'kubweretsa matenda a mtima ndi sitiroko: kwa ena imatsika pang'ono, kwa ena imangokhala pomwepo. Amene ali ndi shuga wa mtundu woyamba, amene kapamba wasiyiratu kupanga insulin, kawirikawiri mafuta awo amabwerera mwakale shuga akakhazikika. Ife a mtundu wachiwiri nkhani yathu ndi ina. Insulin ilipo ndithu koma thupi siliimvera bwino, ndipo LDL yathu imakonda kukhala timibulu ting'onoting'ono tolowa mosavuta m'khoma la mtsempha, ngakhale nambala papepala isakuoneka yoopsa. Ine ndinadabwa kumva kuti wanga ndi wachiwiri pamene ndinafika ndi ma ketone, koma adokotala anati mwa anthu akuda zimachitika ndithu, ndipo ena amadzachepetsedwa insulin patsogolo. Kuchepetsako ndi kwa iwo, si kwa ife.

Yambani ndi kukhala ndi pepala lanulanu

Ku zipatala za boma magazi amapita ku NHLS, labu ya boma, zotsatira zimabwera pa kompyuta, ndipo mukapanda kufunsa mudzangomva kuti "zakwera". Pemphani mwaulemu kuti asisita akulembereni, kapena mujambule ndi foni. Mizere ndi inayi, ndipo kuno amayeza mu mmol/L. Bungwe la akatswiri a shuga la kuno, SEMDSA, limafuna kuti kwa ambiri a ife ma triglyceride akhale pansi pa 1.7, HDL pamwamba pa 1.0 kwa abambo ndi 1.2 kwa amayi, LDL pansi pa 1.8. Mukaona pa LDL palibe nambala ngati mmene zinalili kwa ine, si kuti aiwala. Nthawi zambiri LDL amaipeza ndi masamu: cholesterol yonse, kuchotsa HDL, kuchotsanso ma triglyceride ogawidwa ndi 2.2. Masamuwa sagwira ntchito ma triglyceride akapitirira 4.5.

Nambala imene siyenera kudikira ndi ya ma triglyceride ikadutsa 10. Pamenepo kapamba akhoza kutupa, ndipo ndi matenda opha. Chizindikiro chake ndi ululu waukulu pamwamba pa mimba wobaya mpaka kumsana, pamodzi ndi kusanza. Musamwe Panado n'kugona. Pitani ku casualty, kapena imbani 10177, kapena 112 pa foni ya m'manja. Ena amatuluka timatuza tachikasu m'zigongono, m'mawondo ndi m'matako, n'kumadzola mafuta a zipere, osadziwa kuti ndi mafuta a m'magazi aonekera pakhungu. Nambala ikakhala pamenepo mowa ulekeni kotheratu, ngakhale botolo limodzi la Loweruka, ndipo zokazinga zisiyeni kaye. Adokotala akhozanso kuwonjezera mankhwala ena monga bezafibrate.

Bayani bwino, chifukwa mafuta amatsatira shuga

Zonse ndafotokozazi zimachitika pokhapokha insulin ikulowadi m'thupi ndi mphamvu zake. Yanga ndi Actraphane, ija yooneka ngati mkaka, yosakaniza yofulumira ndi yochedwa. Musanaikoke, gubuduzani botolo pakati pa zikhato mpaka iyere mofanana, osalikhutchumula ngati Maheu. Bayani kutatsala mphindi 30 kuti mudye, ndipo mukabaya mudyedi. Sinthasinthani pobaya, pamimba kapena pantchafu, kusuntha pang'ono tsiku lililonse. Malo amodzimodzi amatupa kachotupa kofewa kosapweteka, n'chifukwa chake anthu amakakonda, koma insulin yobayidwa pamenepo imalowa mwachisawawa, lero yambiri mawa yochepa.

Mabotolo osatsegula akhale m'firiji, koma osati mofizira, chifukwa insulin ikauma yatha ntchito. Limene mukugwiritsa ntchito likhoza kukhala panja pamalo ozizira pafupifupi mwezi, onani kapepala ka m'bokosi. Magetsi akazima maola angapo musamatsegule firiji pafupipafupi, sizionongeka. Amene mukukhala m'chipinda cha malata chopanda firiji, nzeru ya kumudzi ikugwirabe: kamtsuko kadothi, mchenga wonyowa, botolo m'kapulasitiki, pamthunzi.

Shuga akatsika pansi pa 4 mudzanjenjemera, thukuta, njala yoopsa, mutu kusokonekera. Sungunulani masupuni atatu a tiyi a shuga m'madzi, kapena imwani theka la tambula ya Coke wamba, osati Zero. Dikirani mphindi 15, yezaninso, kenako idyani buledi. Zikamachitika kawirikawiri kanenani kukiliniki kuti aonenso mlingo. Musazolowere kumangozimitsa ndi masiwiti, chifukwa pamenepo ndi pamene thupi limayamba kunenepa ndipo ma triglyceride amayambanso kukwera.

Kuyezetsa kachiwiri

Pakatha miyezi itatu pemphani kuti mafuta ayezedwenso pamodzi ndi HbA1c, imene imaonetsa mmene shuga wayendera pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Ngati ma triglyceride anali pamwamba kwambiri, adzafuna kuwaonanso msanga kuposa apo. Tsiku limene akukupatsani deti funsani ngati mubwere osadya. Masiku ano nthawi zambiri safuna, koma ma triglyceride akakhala okwera amati musadye maola 8 mpaka 12, madzi okha.

Apa ndi pamene ndikupemphani kuti mumvetsere, abale anga. Munthu wobaya insulin sasala kudya ngati wina aliyense. Mzere wa kukiliniki umayamba kusanache ndipo magazi akhoza kutengedwa cha m'ma 10. Mukabaya insulin yosakaniza kunyumba n'kupita osadya, mudzagwa pamzere. Funsiranitu asisita kuti ya m'mawa muichite bwanji. Ine anandiuza kuti ya usiku ndibaye monga mwa masiku onse, ya m'mawa ndinyamule pamodzi ndi chakudya, ndibaye akangomaliza kutenga magazi. M'thumba mukhalenso shuga ndi kamakina koyezera. A mtundu woyamba asadumphe insulin yochedwa ija pa chifukwa chilichonse. Abale a ku Mayfair amene mumasala Ramadan, nkhani yomweyi kambiranani ndi adokotala mwezi usanaoneke.

Pepala langa la mu October linali lotere: HbA1c 7.4, ma triglyceride 1.9, cholesterol yonse 5.6, HDL 1.1, LDL 3.6. Kuchoka pa 14.2 kufika pa 1.9! Mayi a Tadala anaomba m'manja tili pakhonde la kiliniki. Koma adokotala analoza 3.6 uja n'kufunsa ngati ndikumwa simvastatin, mankhwala otsitsa cholesterol a m'gulu la statin, amene anandipatsa potuluka m'chipatala. Ndinawauza zoona, kuti paketi ili m'dirowa ya makina yosatsegula. Ndinkaona kuti jakisoni kawiri patsiku ndi wokwanira, ndipo mnzanga wina anali atandiuza kuti mankhwala akachuluka amapha impso. Chimenechi ndinalakwa, ndipo sindikufuna wina abwereze. Adokotala sanakalipe. Anangoti, "Ndiye mwaona nokha polekezera insulin. Chatsalachi ndi cha statin."

Za statin

Cholesterol yambiri m'thupi siichokera m'mbale, imapangidwa ndi chiwindi chomwe. Ndiye munthu akhoza kudya mosamala bwanji, LDL n'kukhalabe pamwamba. Statin amachepetsa kapangidwe kameneka, chiwindi n'kuchulukitsa timbedza tija. Malangizo a m'makiliniki a boma kuno amati wa shuga wa mtundu wachiwiri amene wapitirira zaka 40, kapena wakhala ndi shuga zaka zoposa 10, kapena ali ndi vuto la mtima kapena impso, alandire statin mosayang'ana kuti nambala yake ili pati. Choncho akakupatsani tsiku loyamba lomwe, yambani, musadikire miyezi itatu ngati ine.

Mwana wa achemwali anga, amene ndi nesi kumudzi, ndi amene ananditsegula maso ndi nambala imodzi. Mu 2008 magazini ya madokotala ya The Lancet inasindikiza zotsatira za anthu a shuga 18,686 ochokera m'kafukufuku 14, ndipo zinaonetsa kuti LDL ikatsika ndi 1 mmol/L, ngozi ya matenda aakulu a mtima ndi sitiroko imatsika ndi 21 pa 100 alionse. Ine ndinali pa 3.6, kofunika kufika ndi 1.8. Nditawerengera ndekha, usiku womwewo ndinatsegula paketi.

Simvastatin amamwa usiku, chifukwa chiwindi chimapanga cholesterol yambiri tikagona. Atorvastatin amakhalitsa m'thupi, mukhoza kumwa nthawi iliyonse bola ikhale yomweyomweyo. Koma musanayambe, nenani mankhwala onse amene mukumwa, popanda manyazi. Ambiri mwa ife tili pa ma ARV. Amene ali pa Aluvia kapena ena a gulu limenelo sayenera kumwa simvastatin, chifukwa amaunjikana m'magazi n'kuononga minofu, ndipo amapatsidwa atorvastatin wochepa m'malo mwake. Amene akumwa amlodipine wa BP, mlingo wa simvastatin uli ndi malire. Ngati mumatenga ma ARV kukiliniki ina, mankhwala a shuga kwina, nyamulani mapaketi onse m'jumbo muwaonetse. Azimayi oyembekezera, oyamwitsa kapena amene akufuna mwana anene msanga, chifukwa statin nthawi zambiri amaimitsidwa. Mukamva minofu ikuphwanya mbali zonse ziwiri popanda chifukwa, makamaka mkodzo ukada ngati tiyi, siyani ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Zimachitika mwa apo ndi apo, ine sizinandichitikire. Mukayamba, mafuta amayezedwanso pakati pa masabata 4 ndi 12.

LDL ikakhalabe pamwamba kwambiri, cha m'ma 5 kupita m'mwamba, shuga ali bwino, funsani kuti aone chithokomiro ndi impso, ndipo kumbukirani ngati kwanu kuli amene anamwalira ndi mtima akadali achichepere. Pali cholesterol ina ya kumtundu.

Njala ya insulin ndi mbale yathu

Chinthu chimene palibe anandichenjeza mokwanira ndi njala. Shuga amene ankatayika ndi mkodzo tsopano akukhala m'thupi, ndipo nkhokwe ija yayambanso kudzaza. Makilogalamu oyamba ndi anu omwe munataya, alandireni. Koma mimba ikayamba kutsogola, thupi limasiya kumvera insulin, mlingo umakwera, ma triglyceride amabwerera. Telala ndimadziwa chiuno changa kuposa sikelo: ndinachoka pa 30 kufika pa 34 m'miyezi inayi, ndipo pamenepo ndinaima n'kuyang'ana mbale.

Nsima sindinasiye ndipo sindiuza munthu kuti asiye. Ndinachoka pa mitanda inayi kufika pa iwiri yaing'ono, ndiwo n'kuchuluka. Ufa wa White Star, Iwisa ndi Ace ndi woyera ngati wa kumtondo, umakweza shuga msanga, ndiye wina akamabwera kuchokera kumudzi ndimaitanitsa mgaiwa, ngakhale nawonso ndi wofunika muyeso. Koma chenjerani, mukachepetsa nsima muli pa insulin yosakaniza, yezani shuga pafupipafupi ndipo auzeni akukiliniki, mlingo ungafunike kutsika. Zimene zimakweza ma triglyceride kwambiri ndi zakumwa zotsekemera, juwisi, mowa ndi buledi woyera wambiri. Zimene zimakweza LDL ndi mafuta a nyama ndi mafuta olimba: khungu la nkhuku, boerewors, Russian ndi polony wa mu kota, magwinya a pakona amene amatikumbutsa mandasi. Cremora amene timathira masupuni atatu mu tiyi si mkaka, ndi mafuta a zomera osakaniza ndi zotsekemera. Werengani kuseri kwa paketi muone.

Zabwino zake n'zakuti ndiwo zimene tinakulira ndi zomwe zikufunika. Nyemba, nandolo, khobwe, therere, nkhwani kapena mpiru wotendera, mapeyala. Ku msika wa ku Yeoville masamba ndi nsomba zouma zimapezeka, ingoviikani matemba m'madzi mchere uchepe chifukwa cha BP. Chitini cha Lucky Star kawiri pa sabata chili ndi mafuta a nsomba othandiza mtima, ndipo phala la oats m'mawa limatsitsako LDL pang'ono. Ine ndimatsika takisi patali n'kuyenda mphindi 30 kupita kushopu masiku asanu pa sabata. Fodya ngati mumasuta, ameneyo ndi woyamba kuchoka. Za cham'mwamba ndi mabotolo amene amagulitsa pa WhatsApp akuti amachotsa shuga ndi mafuta, masamba a cham'mwamba ndi ndiwo zabwino, idyani, koma amene akukuuzani kuti musiye jakisoni akukutumizani ku diripi.

Mukamapita kumudzi

Basi yochokera ku Park Station imatha pafupifupi masiku awiri pamsewu, kudutsa Beitbridge ndi Tete kumene dzuwa limaotcha ngati ng'anjo. Insulin isalowe m'katundu wa pansi pa basi. Ikhale nanu pampando, m'kachikwama kozizira, botolo lokulungidwa m'kansalu kuti lisagundane ndi ayezi. Tengani kalata ya kukiliniki, majakisoni ndi statin zokwanira ulendo wonse ndi masabata ena awiri apadera, ndiponso chakudya, chifukwa pa boda simudziwa kuti mukhala maola angati.

Kumudzi mungakumane ndi nambala za mg/dL, musadzidzimuke. Kuti nambala ya kuno ifanane ndi ya uko, ya shuga chulukitsani ndi 18, ya cholesterol ndi 38.7, ya ma triglyceride ndi 88.6. Shuga wa 7 kuno ndi 126 uko, LDL ya 1.8 ndi 70, ma triglyceride a 1.7 ndi 150. Ndinapita ku Balaka pa Khirisimasi, ndipo amalume atandionetsa buku lawo la kuchipatala lolembedwa 140, mayi a Tadala anafuna kulira, poganiza kuti ndi 140 wa kuno.

Nditabwerako mu January ndinayezetsa kachitatu, nditamwa simvastatin usiku uliwonse kwa masabata 12. Ma triglyceride anali 1.6, HDL 1.1, LDL 2.4. Sinafike pa 1.8, ndiye adokotala andisinthira ku atorvastatin, ndipo andipatsa deti la mu April. Ndalilemba ndi choko chosokera pakhoma pamwamba pa makina, pambali pa miyeso ya makasitomala, ndipo pansi pake ndalembapo kuti ndidzanyamule botolo, jakisoni ndi buledi wa bulawuni.